Mliri Udakantha Okalamba, Koma Ofufuza Adawalambalala

Pamene mliri wa Covid-19, umene udabuka mumzinda wa Wuhan ku China kumapeto kwa chaka cha 2019, udaoloka nyanja ndi kukuta dziko lonse lapansi, sipadapite nthawi kuti owerenga maliro azindikire kuti nthendayi, ngakhale inkagwira mwana ndi wamkulu yemwe, pa kupha inali ya tsankho. Pakuti mnyamata kawirikawiri inkangomugoneka masiku owerengeka ndi kumuleka, koma munthu wa imvi inkamutsekera mpweya kufikira kumutsitsira kumanda. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC lidalengeza kuti mwa anthu 10 aliwonse omwalira ndi nthendayi, 8 anali a zaka 65 kapena kupitirira apo. Ndipo ku Italy, ku Spain ndi ku Britain nyumba zosungiramo okalamba zidasanduka masiwa. Munthu aliyense woganiza bwino akadayembekeza kuti ofufuza mankhwala ndi katemera, poona kumene imfa yamanga msasa, akadayambira komweko ntchito yawo. Koma zinthu sizidayende chomwecho.

M'mwezi wa September 2020, Dokotala Sharon Inouye wa ku Harvard pamodzi ndi anzake adasindikiza m'magazini ya madokotala ya JAMA Internal Medicine zimene adapeza atasanthula ntchito zofufuza za Covid-19 zokwana 847 zimene zidalembetsedwa m'kaundula panthawiyo. Ntchito 23 mwa 100 zilizonse zidaikiratu malire a zaka, kunena poyera kuti wopyola msinkhu wakutiwakuti asalowemo. Ndipo ataonjezerapo zija zimene sizidatchule zaka koma zidakana munthu wa matenda ena, wosatha kugwiritsa ntchito foni ya intaneti, kapena aliyense amene dokotala wamuona kuti sangakwanitse, kudapezeka kuti zoposa theka zinali zokhoza kusiya okalamba kunja. Pa ntchito 18 zoyesa katemera, panalibe ndi imodzi yomwe imene idapulumuka ku chilema chimenechi.

Kuti nkhaniyi imveke kulemera kwake, nkoyenera kufotokoza mmene mankhwala amayesedwera. Sing'anga aliyense, wa kumudzi ndi wa kuchipatala yemwe, amakumbukira odwala amene adachira m'manja mwake ndipo amaiwala msanga aja adapita. Komanso anthu ambiri amachira okha ngakhale asadalawe kanthu, kotero kuti umboni wa maso paokha ndi wonyenga. Pofuna kuthawa chinyengo chimenechi, ofufuza amasonkhanitsa odwala ambiri amene avomera mwa kufuna kwawo, ndi kuwagawa magulu awiri mochita maere, dokotala osaloledwa kusankha kuti uyu apite kuno, uyo apite uko. Gulu lina limalandira mankhwala atsopanowo, lina limalandira chisamaliro cha masiku onse kapena mbulu wopanda mankhwala m'kati, ndipo pomaliza amawerenga kuti achira angati ndi kufa angati mbali iliyonse. Maerewo ndiwo mtima wa ntchito yonse, chifukwa amaonetsetsa kuti amphamvu ndi ofooka agawikana mofanana. Koma yankho limene limatuluka limanena za mtundu wa anthu okhawo amene adalowa m'maeremo. Ngati onse anali a zaka 40, palibe chimene taphunzira chotsimikizika chokhudza gogo wa zaka 80. Kuli ngati kuyesa ulalo wa mitengo poolotsapo mbuzi, kenaka nkulimba mtima kudutsitsapo ngolo yodzaza chimanga.

Pakuti thupi la nkhalamba si thupi la mnyamata lotha pang'ono chabe, koma limalandira mankhwala mwa njira yakeyake. Impso, zimene zimasefa magazi ndi kutaya zotsalira za mankhwala mu mkodzo, zimachepa mphamvu zaka zikamapita, chiwindi chimodzimodzi, mwakuti mlingo umene mnyamata amaumaliza m'maola ochepa umagonera m'magazi a wokalamba ndi kuunjikana. Chitetezo cha m'thupi nacho chimazirala, ndipo katemera amene amadzutsa asilikali ambiri m'thupi la wachinyamata akhoza kudzutsa ochepa m'thupi la agogo ake. Pamwamba pa izi, nkosowa kupeza munthu wa zaka 75 wodwala nthenda imodzi yokha: ali ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, nyamakazi, mwina ndi mtima womwe, ndipo pa nthenda iliyonse ali ndi mbulu wake, imene ikakumana ndi mankhwala atsopano ikhoza kulimbana nayo. Zifukwa zimenezi, zimene zikadayenera kukakamiza ofufuza kuti ayese mankhwala pa okalamba, ndizo zomwe zimawathawitsa; pakuti wokalamba akamwalira ali m'kafukufuku, ngakhale wamwalira ndi nthenda yake yakale, imfayo imalembedwa, imafufuzidwa, ndipo imadetsa mbiri ya mankhwala amene kampani yatayirapo chuma chambiri.

Sindikufuna kunena kuti kuwopa konseko nkwa dyera. Mbali ina kudachokera ku manyazi enieni. M'chaka cha 1963, pa chipatala cha Jewish Chronic Disease Hospital ku Brooklyn, mumzinda wa New York, Dokotala Chester Southam ndi anzake adabaya odwala okalamba ndi ofooka 22 jakisoni wa maselo amoyo a khansa, osawauza chimene chinali m'jakisonimo. Nkhaniyo itaululika idanyansa anthu, ndipo pamodzi ndi zonyansa zina za mtundu womwewo idalimbitsa lamulo lakuti munthu asayesedwerepo kanthu popanda kumvetsa ndi kuvomera, lamulo limene madokotala a dziko lapansi adalilemba ku Helsinki mu 1964. Kuyambira pamenepo makomiti oteteza anthu m'kafukufuku adayamba kuona nkhalamba ngati dzira, ndipo njira yapafupi yotetezera dzira idaoneka kuti ndiyo kusalikhudza konse. Chifundo choterechi ine ndimachikayikira. Mankhwala akavomerezedwa, wokalamba yemwe uja adakanidwa pakhomo la kafukufuku ndiye amakhala woyamba kuwamwa, ndipo amawamwa kunyumba kwake, popanda namwino womuyeza magazi sabata ndi sabata, popanda wolemba zotsatira zake kuti ena aphunzirepo. Kuyesako kumachitikabe, kungoti kumachitika mumdima. Bungwe la NIH, limene limapereka ndalama zambiri za kafukufuku ku America, lidazindikira zimenezi ndipo kuyambira January 2019 lidalamula kuti wofuna kusiya anthu a msinkhu wina azipereka chifukwa chomveka. Koma mliri udafika chizolowezi chakale chisadazuke.

Mtengo wa chizolowezicho udaoneka poyera pa katemera wa AstraZeneca, yemwe uja ena a ife tidabayitsa. Akatswiri a ku Oxford amene adamupanga adasankha, mwa kusamala, kuyamba ndi anthu a zaka zochepa ndi kulowetsa achikulire mochedwerapo. Ndipo achikulire amene adalowawo, pomvera malangizo a boma, ankadzitsekera m'nyumba, kotero kuti ndi ochepa kwambiri amene adatenga matenda, ndipo popanda odwala palibe chowerengera. Pamene komiti ya katemera ya ku Germany idasanthula zotsatira mu January 2021, idapeza kuti umboni wa anthu a zaka 65 ndi kupitirira ndi wosakwanira, ndipo idalangiza kuti katemerayo aperekedwe kwa a zaka 18 mpaka 64 okha. Komitiyo sidanene kuti katemerayo ndi wopanda mphamvu, idangoti umboni ulibe. Koma mawu akatuluka m'kamwa sabwezedwa, ndipo Pulezidenti Emmanuel Macron wa ku France adafika ponena pamaso pa atolankhani kuti zikuoneka ngati katemerayo sagwira ntchito kwenikweni pa okalamba. Patangopita milungu yochepa, ziwerengero za ku Scotland ndi ku England, kumene nkhalamba zambirimbiri zidali zitabayitsa kale, zidaonetsa kuti katemerayo amawateteza ndithu kuti asagonekedwe m'chipatala, ndipo Germany idasintha maganizo kumayambiriro kwa March. Mwezi womwewo usadathe, chifukwa cha vuto losowa la kuundana kwa magazi mwa achinyamata, idatembenuka kotheratu ndi kunena kuti katemerayo ngoyenera a zaka 60 ndi kupitirira. Munthu wamba womvera wailesi akadakhulupirira ziti? Katemera yemweyo ndiye adatera pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 5 March 2021, milingo 360,000 ya thandizo la COVAX, ndondomeko yogawira maiko katemera, mphekesera zitamutsogolera kale pa WhatsApp. Ndipo pa 19 May chaka chomwecho boma la Malawi lidatentha milingo ina 19,610 imene idatha nthawi yake isadapeze mikono. Zifukwa zake zinali zingapo, china chinali chakuti milingoyo idafika itatsala ndi masiku ochepa, koma chikayiko chimene chidabadwira ku Ulaya sichidathandize.

Tsono tiyenera kuwachitira chilungamo ofufuzawo, pakuti mliri udaika patsogolo pawo zopinga zimene makolo awo m'ntchitoyi sadazionepo. Kafukufuku wa masiku onse amafuna kuti munthu azibwera kuchipatala kudzayezedwa, pamene m'miyezi imeneyo chipatala ndicho chinali malo oopsa koposa kwa wokalamba, ndipo kumuitanira kumeneko kukadakhala kumuika m'kamwa mwa mkango. Ntchito zambiri zimene zinali kale m'kati, za khansa, za mtima, ndi za nthenda yoiwalitsa ya Alzheimer, zidaima kapena kudukizadukiza. Ena adayesa kupitiriza pa foni ndi pa kanema wa intaneti, ndipo bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America lidaloleza zimenezi mu March 2020. Koma foni imasankha anthu ake, pakuti wogontha, wa maso akhungu, wa manja onjenjemera ndi wosauka amatsalira, ndipo otsalawo ndi omwe aja afooka koposa. Ndiponso kuyeza nzeru za munthu pa foni sikufanana ndi kumuyeza maso ndi maso: sungamuuze kuti ajambule chithunzi cha wotchi, sungaone mmene akuyendera, ndipo sudziwa ngati mwana wake ali pambali kumunong'oneza mayankho.

Koma chovuta koposa chinali kupempha chilolezo. Taganizani za mayi wa zaka 82 wogona m'chipinda cha odwala Covid, mpweya ukumuperewera, ana ake oletsedwa kulowa. Patsogolo pake paimirira munthu wovala chinsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pakamwa potseka ndi masiki, mwakuti mayiyo, amene kwa zaka zambiri wakhala akuthandiza makutu ake poyang'ana milomo ya wolankhula, sakumva kanthu. Okalamba ambiri nthendayi inkawasokoneza mutu, nkuyamba kubwebweta, osadziwa kumene ali ngakhale tsiku. Ndipo munthu wotere, ngakhale agwedeze mutu, sitinganene kuti wavomera. Ngakhale pepala lenileni losainapo linali vuto, popeza likalowa m'chipindamo silinkaloledwa kutulukanso, kuwopa kuti lanyamula kachilombo. Ena ankalijambula ndi foni ndi kusunga chithunzi chake, ena ankaitana mboni kuti imvere zokambiranazo. Wofufuza wotopa, wokhala ndi odwala ambiri omudikira, sitingadabwe kuti ankapitirira bedi la gogoyo ndi kupita kwa bambo wa zaka 50 amene angawerenge yekha ndi kusaina m'mphindi zochepa.

Komabe padapezeka ena amene adaonetsa kuti ntchitoyi ndi yotheka. Ku Oxford, Mapulofesa Peter Horby ndi Martin Landray adakonza kafukufuku wotchedwa RECOVERY, amene adalandira wodwala woyamba pa 19 March 2020 ndipo pofika June anali ndi odwala oposa 11,000 m'zipatala za boma zoposa 170. Nzeru yawo yonse inali kupeputsa. Sadaike malire a ukalamba. Mafunso olembetsera wodwala anali ochepa, oti dokotala wa pa wodi awamalize m'kanthawi. Sadafune kuti wochira abwerenso kudzayezedwa, chifukwa za imfa ndi kutuluka m'chipatala ankazitenga m'kaundula wa boma. Ndipo wodwala akakhala wosatha kudzisankhira, wachibale ankafunsidwa m'malo mwake, kapena, wachibale akasowa, dokotala wina wosakhudzidwa ndi kafukufukuyo, ndipo mwini wake akatsitsimuka ankafunsidwa ngati afuna kupitiriza. Chifukwa cha ichi, odwala a m'kafukufukuyu, amene zaka zawo pongoyerekeza onse pamodzi zinali 66, ankafanana ndithu ndi anthu ogona m'zipatala. Zipatso zake zidabwera msanga. Pa 5 June adalengeza kuti hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine uja Malawi idamusiya mu 1993 atalephera malungo, sapulumutsa moyo wa wodwala Covid ngakhale atsogoleri ena ankamutamanda. Ndipo pa 16 June adalengeza kuti dexamethasone, mankhwala akale ndi otsika mtengo opezeka ngakhale m'zipatala zathu, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu pakati pa opumira makina, ndi limodzi mwa asanu pakati pa olandira mpweya wa okosijeni, koma sathandiza amene akupuma bwino okha. Odwala 2,104 ndiwo adalandira mankhwalawo, ndipo adayerekezedwa ndi ena 4,321.

Anzawo a pa yunivesite yomweyo, m'kafukufuku wotchedwa PRINCIPLE, adalunjika kwa anthu a zaka 65 ndi kupitirira, ndiponso a zaka 50 okhala ndi matenda ena, amene ankadwalira kunyumba. Mankhwala ankawatumizira pakhomo, ndipo wosatha intaneti ankamuimbira foni, kapena kulola wachibale kuti amuthandize kuyankha. Mu April 2021 adapeza kuti budesonide, mankhwala opopera m'kamwa a anthu a mphumu, amafupikitsa kudwala ndi masiku ngati atatu. Ku America nako, kampani ya Eli Lilly pamodzi ndi boma, pofuna kuyesa mankhwala oteteza m'nyumba zosungiramo okalamba, idatenga magalimoto akuluakulu ogonamo apaulendo ndi kuwasandutsa zipatala zoyenda. Kukamveka kuti m'nyumba yakuti mwabuka matenda, galimoto inkanyamuka ndi anamwino ndi zipangizo zonse. Mankhwalawo adachepetsa kudwala pakati pa okalambawo ndi magawo pafupifupi 80 pa 100, ngakhale kuti pambuyo pake kachilombo kadasintha maonekedwe ndipo mankhwalawo adatha ntchito. Mu zonsezi chinthu nchimodzi: adaleka kuyembekeza kuti nkhalamba iwatsate, adanyamuka okha kukaipeza kumene ili.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Pa kalembera wa 2018, mwa anthu 17.5 miliyoni, a zaka 65 ndi kupitirira anali pafupifupi 4 okha pa 100, ndipo nkosadabwitsa kuti kafukufuku wambiri wochitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi kwina wakhala wa malungo, Edzi, chifuwa chachikulu, amayi oyembekezera ndi ana. Okalamba athu sakhala m'nyumba zosungiramo nkhalamba zoti galimoto imodzi ikawapeze onse pamodzi. Ali m'midzi, akulera adzukulu, kutali ndi msewu, ndipo ulendo wa pa kabaza wopita kuchipatala ndi chilango kwa munthu wa msana wopweteka. Foni, ngati ilipo pakhomo, ndi ya mdzukulu. Ambiri sadziwa chaka chimene adabadwa, kotero kuti wofufuza wanzeru amafunsa kuti, "Kodi agogo, pa njala ya 1949 munali wamkulu bwanji?" ndipo amawerengera kuchokera pamenepo. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni, monga amafunira makomiti a COMREC ndi NHSRC amene amaloleza kafukufuku m'dziko muno. Koma chidindo nchapafupi, chovuta nchakuti mwambo wathu waulemu umachititsa gogo kuyankha kuti "Chabwino, adokotala" pa chinthu chimene sadachimve ndiponso sakuchifuna. Ndi bwino kuyamba wadzera kwa amfumu ndi kukhala pansi ndi ana a gogoyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komabe thupi ndi la gogoyo, ndipo mawu otsiriza ayenera kutuluka m'kamwa mwake, osati mwa mwana wake amene mwina maso ake ali pa ndalama yobwezera thiransipoti. Za kutenga magazi nazo ziyenera kufotokozedwa modekha, kuona maso a nkhono nkudekha, kuti atengedwa ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo otsala adzatayidwa motani. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 sangaone ngati imeneyi ndi nkhani yaing'ono.

Ndipo okalamba athu akuchuluka, ena mwa iwo ali ndi katundu amene nkhalamba za ku Oxford zilibe. Munthu amene adayamba kumwa ma ARV ali ndi zaka 40, pamene boma lidayamba kuwagawa ulere mu 2004, lero wapyola zaka 60, ndipo pa ma ARV aja waonjezapo mibulu ya BP ndi ya shuga. Mankhwala a Paxlovid, amene adalolezedwa ku America mu December 2021 kuti aziteteza odwala Covid kuti asafike pogonekedwa, adayesedwa pa anthu oposa 2,200 amene theka lawo linali la zaka zosapitirira 46, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo anali ngati 13 okha pa 100. Padatengera ziwerengero za ku Israel za mu 2022, mankhwalawo ali kale m'manja mwa anthu, kuti zioneke kuti phindu lake lalikulu lili pa okalamba omwewo. M'kati mwa Paxlovid muli ritonavir, mankhwala amene madokotala athu a Edzi amawadziwa bwino, amene amachedwetsa chiwindi kugaya mankhwala ena, kotero kuti mibulu ina ya mtima, ya mafuta a m'magazi ndi yosungunula magazi imaunjikana m'thupi. Ndipo sangaperekedwe konse kwa munthu amene akumwa rifampicin wa chifuwa chachikulu, chifukwa rifampicin amawachotsera mphamvu. Dokotala wa pa chipatala cha boma akakhala ndi gogo wa ma ARV, BP ndi chifuwa patsogolo pake, amayenera kusankha mlingo modalira zotsatira za anthu a ku maiko ena amene ambiri mwa iwo anali a msinkhu wa ana a gogoyo.